Buku la alendo la ku gombe la Mozambique silinama, limangokalamba msanga

Pali mawu amene akumveka kwambiri pakati pa anthu okonda maulendo ndipo ine sandisangalatsa olo pang'ono, akuti mabuku otsogolera alendo aja ntchito yake inatha kalekale, zonse zili pa foni masiku ano, ndiye amene akunyamulabe chibuku chokhuthala popita ku gombe la Mozambique akungolemetsa chikwama chake. Ena amafika mpaka ponena kuti mabukuwa ndi abodza, eti unawerenga kuti pamalo pakutipakuti pali loji yabwino yotchipa, wafika wapeza makoma okhaokha denga kulibe. Ine ndikutsutsa. Bukulo limalakwitsa inde, ndipo zolakwika zina zikhoza kumuika munthu m'mavuto aakulu, zimenezo ndizinena mosabisa, koma anthu akuliweruza pa zinthu zimene palibe buku losindikizidwa lingazikwanitse, kenako akulitaya limodzi ndi zinthu zimene limachita bwino kuposa foni iliyonse.

Vuto lonse lagona pa mmene bukuli limapangidwira. Wolemba amayenda masabata kapena miyezi, kulowa hotelo iyi kufunsa mitengo, kukwera chapa, ndi mmene amatchulira minibasi kumeneko, kulemba nthawi imene boti limanyamuka, kenako abwerera kwawo kukalemba, zolembazo zipita kwa akonzi, kwa ojambula mapu, kosindikiza, kenako kusitolo. Pofika tsiku loti munthu woyamba agule, nkhani zamkatimo zatha kale miyezi yambiri, pena chaka chathunthu. Ndiye bukulo silichoka pa shelefu mawa lake ayi, limagulitsidwa zaka zingapo mpaka atatulutsa lina, ndipo olo linalo lituluke lakale lija limangoyendabe m'manja, uyu kubwereka uyu kupatsa mnzake. Munthu amene akudandaula kuti mtengo wa chipinda sukugwirizana ndi wa m'buku, mufunseni kuti bukulo ndi la chaka chanji, nthawi zambiri mupeza kuti sanayang'ane nkomwe.

Komanso Mozambique ndi dziko loti silidikira buku. Gombe lake ndi lalitali makilomita oposa 2,400, kuchokera ku Ponta do Ouro kumalire ndi South Africa mpaka kukafika ku mtsinje wa Rovuma kumalire ndi Tanzania, ndipo zimene zasintha kumeneko m'zaka 20 zapitazi n'zambiri zedi. Mu July 2006 boma linachotsa mazilo atatu pa ndalama yawo, meticais 1,000 akale n'kukhala metical imodzi yatsopano, ndekuti mtengo uliwonse wa m'buku lakale unatha tanthauzo tsiku limodzi. Kuwoloka Zambezi pa Caia kale kunali kudikira pantoni, magalimoto pamzere maola ambirimbiri mwina mpaka kugona pompo, koma mu 2009 anatsegula mlatho wa Armando Guebuza malangizo onse a kawolokedwe n'kutha ntchito. Kumwera nakonso, kupita ku Ponta do Ouro kunkafuna kuwoloka pa pantoni kuchoka Maputo kupita Katembe kenako kulimbana ndi msewu wamchenga wofuna galimoto ya 4x4, mu November 2018 mlatho wa Maputo-Katembe unatsegulidwa pamodzi ndi msewu wa tala mpaka kumalire, pano ndi ulendo wa maola awiri basi. Zolakwika zamtunduwu sizipweteka munthu, umangosangalala kuti zinthu zaphweka kuposa mmene unawerengera.

Zopweteka zimabwera ndi mphepo. Apa ndi pamene buku la dziko la m'mbali mwa nyanja limasiyanirana ndi buku la dziko lakumtunda, chifukwa anamondwe amene amabadwira pa nyanja ya Indian akalowa mu mpata uja wa pakati pa Madagascar ndi Mozambique, malo oyamba kuwamenya ndi omwe aja mabuku amawatamanda. Namondwe Favio anasakaza Vilankulo mu February 2007. Dineo anamenya chigawo cha Inhambane mu February 2017. Idai anafika pa Beira usiku wa pa 14 March 2019, anthu oposa 600 anamwalira mu Mozambique mokha, msewu waukulu wa EN6 wotulukira mu mzindawo unaduka ndi madzi, ndipo patangotha masabata 6 Kenneth anagwera kumpoto n'kugwetsa nyumba zambirimbiri pa chilumba cha Ibo ndi ku Macomia. Freddy mu 2023 anafika kawiri, koyamba cha ku Vilankulo kachiwiri cha ku Quelimane, kenako Chido mu December 2024 cha ku Pemba. Tsono taganizani, malo ambiri ogona alendo m'gombemo ndi a mitengo ndi udzu, omangidwa pamchenga pafupi penipeni ndi madzi chifukwa ndi zimene alendo amafuna, mphepo ikadutsa ina imamangidwanso, ina mwini wake amagulitsa n'kusintha dzina, ina ndiye basi yapita. Wolemba amene anagona mmenemo mu October n'kulemba kuti ndi pabwino sananame. Ananena zimene anaona, nyanja n'kudzafafaniza mu March.

Pamene ine ndimaopa kwambiri ndi pa nkhani ya chitetezo, ndipo apa sinditeteza buku olo pang'ono. Mabuku olembedwa chisanafike chaka cha 2017 ankafotokoza chigawo cha kumpoto cha Cabo Delgado ngati dera labata, zilumba za Quirimbas, ulendo wodzera ku Mocímboa da Praia ndi Palma mpaka kukawoloka Rovuma kulowa Tanzania, ndipo nthawi imeneyo zinali zoona ndithu. Pa 5 October 2017 zigawenga zinaukira apolisi ku Mocímboa da Praia, mu August 2020 zinalanda doko la tauniyo, mu March 2021 zinalowa Palma anthu ambiri n'kuphedwa, ena mwa iwo akuthawa kuchoka mu hotelo imene anabisalamo, ndipo anthu masauzande ambirimbiri anasiya makomo awo. Asilikali a ku Rwanda ndi a SADC anabwera mu 2021 kudzathandiza. Tsamba la m'buku lija silinasinthe chilembo ngakhale chimodzi, likunenabe kuti kwera chapa yam'mawa ukafika masana. Ndipo si kumpoto kokha, pakati pa 2013 ndi 2016 nthawi ya mkangano wa boma ndi Renamo panali miyezi imene magalimoto pa msewu waukulu wa EN1 pakati pa mtsinje wa Save ndi Muxúnguè ankayenda pamdipiti moperekezedwa ndi asilikali, ndiye chisankho cha pa 9 October 2024 chitadutsa kunabuka zionetsero, misewu kutsekedwa, chipata cha Ressano Garcia kumalire ndi South Africa nacho masiku ena osadutsika. Aliyense amene amadalira pepala losindikizidwa zaka zapitazo kuti limuuze ngati msewu uli wabwino lero akuika moyo wake pachiswe, zimenezo palibe zokambirana.

Ndiye ntchito ya bukulo n'chiyani? Ine ndimaliona ngati agogo amene anakhalako ku Beira zaka zambiri ali mnyamata, mukawafunsa mtengo wa basi lero akusokeretsani, koma afunseni mmene dzikolo lakhalira, mvula imagwa liti, anthu akumeneko amalankhula chiyani ndipo amakwiya ndi chiyani, mupeza kuti sakuphonya. Ndipo zinthu zosasintha msangazi ndi zimene zimakonza kapena kuwononga ulendo, mtengo wa chipinda ndi nkhani yaing'ono.

Tengani nkhani ya madzi. Munthu amene anazolowera nyanja zakumtunda amaganiza kuti madzi akhala pamene wawasiya, pomwe nyanja yamchere imaphwa ndi kudzaza kawiri pa tsiku, nthawi yake imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse chifukwa imatsatira mwezi, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kumene kusiyanako kumakula kwambiri, ku Beira mpaka kufika mamita 6. Ku Vilankulo madzi akaphwa amapita kutali mabwato n'kutsala atakhala pamchenga, ndekuti ulendo wopita ku zilumba za Bazaruto ndi Benguerra umayendera madzi, wotchi yanu ilibe mphamvu pamenepo. Buku labwino limafotokoza zimenezi, limakuchenjezanso za madzi okoka amene amatengera wosambira pakati, ndipo chenjezo limenelo olo litakhala la zaka 15 zapitazo likugwirabe ntchito lero. Chimodzimodzi nyengo, mvula ndi kutentha kuyambira November mpaka April, anamondwe makamaka January mpaka March, anangumi kudutsa cha ku Inhambane ndi Tofo nthawi yozizira kuyambira cha mu June mpaka October, malungo chaka chonse. Komanso kutalika kwa dzikolo, kuchoka Maputo kukafika Pemba ndi makilomita oposa 2,000 pamsewu, mapu a pa foni amangokupatsa kuti maola akutiakuti ngati msewu wonse ndi wosalala, pomwe buku limakuuza poyera kuti ngati uli ndi masiku ochepa sankha kumwera kapena kumpoto, zonse ziwiri sungathe.

Pena pamene buku limandigwira mtima ndi pa Ilha de Moçambique. Ndi kachilumba kakang'ono, makilomita atatu okha m'litali, kolumikizidwa kumtunda ndi mlatho wautali wopapatiza, ndipo munthu wopanda chowerenga akhoza kukazungulira konse m'maola ochepa, kujambula zithunzi pa nyumba zakale zosuluka utoto, n'kubwerera akuti palibe chachilendo. Koma werengani mutu wa mbiri uja umene anthu ambiri amaudumpha pothamangira ku tsamba la mahotelo. Mupeza kuti Aluya ndi Aswahili ankachita malonda pamenepo Vasco da Gama asanafike mu 1498, kuti katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte kamene kali kunsonga kuseri kwa linga la São Sebastião kanamangidwa mu 1522, kuti pamenepa ndi pamene panali likulu la Apwitikizi mpaka 1898 pamene analisamutsira ku Lourenço Marques imene lero ndi Maputo, ndipo dzina la dziko lonselo linachokera pa kachilumba kameneka. Mupezanso kuti akapolo ambiri ogwidwa kumtunda anadutsira pamenepo popita kutsidya kwa nyanja osabwereranso. Chilumbacho chili ndi mbali ziwiri, ya nyumba zamiyala ndi ya Macuti kumene kumakhala anthu ambiri, ndipo mbali ya Macuti ndi yotsika kuposa msewu chifukwa ndi kumene ankakumba miyala yomangira mbali inayo. Mukadziwa zimenezo n'kuimirira pamsewu kuyang'ana madenga ali m'munsi mwanu, simungaone malowo chimodzimodzi. UNESCO inaika chilumbachi pa mndandanda wake wa malo a mbiri ofunika padziko lonse mu 1991. Zonsezi pa intaneti zilipo inde, koma intaneti imayankha zimene wafunsa, nanga munthu afunsa bwanji za Macuti asanamvepo dzinalo? Buku limakuikira patsogolo zinthu zoti sunadziwe kuti ukuyenera kuzifunsa.

Ndiye a pa foni aja asamatiuze ngati foni siikalamba. Imakalamba, kusiyana kwake n'koti imabisa zaka. Buku lili ndi chaka chosindikizidwa pa tsamba lachiwiri, aliyense akhoza kuona, koma nkhani ya pa intaneti yoti malo 10 abwino ku Tofo ikhoza kukhala yolembedwa kalekale ndi munthu woti sanapondeko, anangokopera kwa wina amenenso anakopera kwa wina, n'kungosintha chaka pa mutu. Kadontho ka loji pa mapu kamakhalabe pompo olo lojiyo inagwa, zithunzi za pa Facebook ndi Instagram ndi zosankhidwa tsiku limene kunja kunacha bwino, ndemanga zina za nyenyezi zisanu ndi za abale a mwini malo. Kuonjezera apo netiweki m'midzi ya m'gombe siyodalirika, magetsi akazima batire ikatha basi watsala wekha, ndipo nthawi ya zionetsero za 2024 ija intaneti ya pa foni inkadulidwa, WhatsApp ndi Facebook osatseguka bwino, nthawi yeniyeni imene mlendo ankafunitsitsa kudziwa zimene zikuchitika. Foni ndi yabwino pa zinthu za lero, nyengo, nthawi ya madzi, kuimbira loji kufunsa ngati ikugwirabe ntchito, pamenepo buku silingapikisane nayo. Koma zoti yalowa m'malo mwa buku ndi zabodza.

Dandaulo langa lenileni ndi mabukuwa lili pena, osati pa kukalamba. Choyamba chimene chimandipweteka ndi kulemba molimba mtima zinthu zoti wolembayo akudziwa kuti sizikhazikika. Kulemba kuti chapa yopita kwakuti imanyamuka 5 koloko m'mawa ndipo imatenga maola anayi, pomwe aliyense amene anakwerapo akudziwa kuti imanyamuka ikadzaza ndipo imaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Mabwato owolotsa anthu pakati pa Maxixe ndi Inhambane nawonso ndi chimodzimodzi, amayendera anthu ndi mphepo. Nambala yolembedwa m'buku imaoneka ngati lamulo, mlendo amaikhulupirira, akafika n'kuyamba kukangana ndi kondakitala kapena mayi wogulitsa nsomba kuti mukundibera buku likuti mtengo ndi wakuti, pomwe mafuta anakwera kangapo chilembereni bukulo. Apa wolakwiridwa ndi munthu wakumeneko amene akutchedwa wakuba pa mlandu wa pepala, ndipo zimenezi zimandikwiyitsa kwambiri kuposa mlendo kusowa pogona usiku umodzi.

Kenako pali funso loti bukulo analembera ndani. Mukaliwerenga mwachifatse mumamva kuti wolemba ali ndi munthu wina m'mutu, wochokera ku Ulaya kapena America, ndalama zake ndi dola kapena yuro, wabwera pa ndege, ndiye mawu oti "motchipa" m'bukumo akutanthauza kutchipa kwa iyeyo. Malo ogona amene anthu a ku Mozambique eni ake amagonako akakhala pa ulendo, ma pensão a pafupi ndi depoti, amangopatsidwa mzere umodzi kapena osatchulidwa nkomwe, pomwe malo ophunzitsa kumira pansi pa nyanja ali ndi masamba angapo. Mlendo wa mu Africa momwe muno amene akuyenda pa basi ndi bajeti yochepa amayenera kuwerenga akusefa. Zilankhulo nazonso, kumapeto kwa buku amaika timawu ta Chipwitikizi n'zabwino, koma ku Nampula anthu ambiri amalankhula Chimakhuwa, ku Inhambane Chigitonga, ku Beira Chisena ndi Chindau, kumwera Chichangana, ndipo moni mmodzi m'chilankhulo cha munthu amatsegula zitseko zimene Chipwitikizi cha m'buku sichingatsegule. Mabuku ambiri pamenepa amangodutsa.

Ndipo chizolowezi chija chotchula gombe lililonse kuti ndi paradaiso wosakhudzidwa ndi munthu ine chimandinyansa. Wosakhudzidwa bwanji pomwe asodzi akhala akuponya maukonde pamenepo mibadwomibadwo, amayi akutola nkhono madzi akaphwa, ana akupita kusukulu kudutsa pamchenga womwewo? Ku Bazaruto, kumene kuli paki yosungira zam'nyanja kuyambira 1971, kumakhala anthu, ali ndi midzi yawo. Buku likamalemba ngati malowo alibe eni, mlendo amafika ndi mtima woti zonse ndi zake, kujambula anthu osapempha, kuyenda ndi zovala zosambira pakati pa mudzi, kumpoto kumene m'gombe ambiri ndi Asilamu zimenezo zimakhumudwitsa kwambiri. Kunena chilungamo mabuku ena amachenjeza za kavalidwe ndi kujambula, koma chenjezolo limakhala kabokosi kakang'ono kumapeto, pomwe mawu a paradaiso ali pachikuto. Palinso kuti malo akangolowa m'buku alendo onse amathamangira komweko, mwini wake amadziwa kuti makasitomala abwerabe olo asakonze shawa, pomwe mnzake watsegula pafupi malo abwino kuposa koma adikira zaka kuti wolemba adzadutsenso.

Ndiye amene akukonza ulendo wa kugombe la Mozambique, bukulo litengeni, olo lobwereka, koma musanawerenge china chilichonse tsegulani tsamba lachiwiri muone chaka, muchotsepo chaka china chimodzi, kenako mudzifunse kuti ndi anamondwe angati adutsa chiyambire pamenepo. Mitu ya mbiri, nyengo, zaumoyo, malamulo a pamsewu monga kukhala ndi ma triangle awiri ndi jekete yonyezimira m'galimoto komanso kuyenda ndi chiphaso nthawi zonse, imeneyo iwerengeni kawiri. Mitengo ingoitengani ngati yokuuzani kuti apa n'podula kuposa apo, osati ndalama yeniyeni yoti mukalipire. Za nyengo mverani INAM, nthambi yawo yoona zanyengo, ndi INGD yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, za chitetezo tsatirani nkhani za sabata yomweyo. Zotsalazo funsani anthu, safunsa anadya phula, dalaivala wa chapa amene wachokera kumene mukupitako m'mawa womwewo akudziwa za mlatho woduka kuposa buku ndi foni zonse pamodzi, ndipo msodzi akakuuzani kuti lero sitiwoloka mphepo yaipa musamutsutse ndi tsamba.

Kwa osindikiza mabukuwa pempho langa ndi limodzi ndipo silodula. Pamwamba pa mutu uliwonse lembani mwezi ndi chaka chimene wolemba anapondadi kumeneko, ndipo ngati sanapiteko, ngati mutu wa Cabo Delgado mwangoutenga m'buku lapitalo n'kuukonza pa foni chifukwa kunali koopsa kupitako, nenani choncho ndi zilembo zazikulu. Palibe amene angakunyozeni chifukwa chosatumiza munthu kumalo a nkhondo. Chimene chili cholakwika ndi kusindikiza chaka chatsopano pachikuto pomwe masamba a Ibo, Macomia ndi Palma akufotokoza dera limene wolemba wanu analiona Kenneth asanadutse komanso zigawenga zisanafike.